Anaumba njerwazi ndani? Za nkhani zopeka zouza ana mbiri yathu

Loweruka lina ndinadutsa pa HHI (Henry Henderson Institute) m'Blantyre muno ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Sitandade 6. Tinkachokera ku Wenela kukalandira katundu wochokera kumudzi, ndipo poti dzuwa linali litaswa mtengo, tinapatuka kukapuma pamthunzi pafupi ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels. Ndinayamba kumuuza zija tonse tinauzidwa: kuti tchalitchichi chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, kuti anatsogolera ntchitoyo ndi mbusa David Clement Scott amene sanaphunzirepo zomangamanga, kuti njerwa zake zinaumbidwa ndi kuotchedwa pompano ndipo zilipo za mitundu yoposa 80. Iye ankangogwedeza mutu monga amachitira m'kalasi. Kenako anasendera kukhoma, nayendetsa chala m'mphepete mwa njerwa ina yokhota, n'kundifunsa:

"Amalume, ndiye mzungu mmodziyo anaumba yekha zonsezi?"

"Ayi, anaumba ndi anthu akonkuno."

"Anali ndani? Ana analipo? Nanga masana ankadya chiyani?"

Mafunso atatu amenewa ndiwo khomo la mtundu wa zolemba umene ndikufuna kufotokoza pano: nkhani yopeka yotsamira pa mbiri, yolembera ana ndi achinyamata. Kwathu kuno anthu ambiri amausokoneza ndi zinthu ziwiri. China ndi nthano. Nthano imayamba ndi "Padangokhala," omvera n'kuvomera "Tili tonse," ndipo palibe amafunsa kuti Kalulu anapusitsa Njovu chaka chiti. Ilibe chaka, ilibe mudzi woti n'kuukwerera minibasi. China ndi phunziro la mbiri, lija la mayina ndi zaka zoloweza pokonzekera mayeso. Nkhani imene tikukamba pano imaima pakati pa ziwirizi. Chaka n'chenicheni, malo ndi enieni, zochitika zikuluzikulu zinachitikadi, koma munthu amene tikuyenda naye m'nkhanimo ndi woumba mlembi. Kawirikawiri amakhala mwana wamsinkhu wa owerengawo, kapena wamkulupo pang'ono.

Pamene pagona nkhani ndi pa malire: mlembi apeke pati, asakhudze pati.

Titenge tchalitchi chomwechi. Mlembi angathe kuumba mnyamata wa zaka 11 amene bambo ake amutenga kukaponda dothi. Angamupatse dzina, mayi wodwala, mnzake womuchitira nsanje, mantha a usiku pochezera moto wa pauvuni. Angatisonyeze manja ake atasweka ndi chikombole, ndi mtima wake ukugunda tsiku lochotsa mitengo yochirikiza khomo lokhota, aliyense atapuma kaye kuti aone ngati njerwazo zigwirane zokha. Zonsezi n'zopeka, koma sizitsutsana ndi chilichonse chimene chikudziwika. Chimene mlembi alibe nacho chilolezo n'kusuntha zaka, kugwetsa tchalitchi chimene sichinagwe, kapena kuika m'kamwa mwa Scott mawu ogamula nkhani zazikulu amene sanalankhule. N'chifukwa chake alembi osamala amamusiya patali munthu weniweni wa m'mbiri. Mnyamatayo amamuona akudutsa, amamva mawu ake chapatali, mwina amalandira malangizo amodzi okhudza ntchito, basi. Nkhani ndi ya mnyamata.

Kwa ine, apa ndi pamene mtundu uwu wa zolemba uli ndi ntchito yaikulu kwathu kuposa kwina. Zolembedwa za nthawi imeneyo analemba ndi amishoni, amalonda ndi akuluakulu a boma la atsamunda, ndipo munthu akagwira cholembera amayamba walemba za iye ndi anzake. Motero tikudziwa bwino za Henry Henderson amene anasankha malo a mishoni m'dera la mfumu Kapeni mu 1876, za dzina la Blantyre lochokera kumudzi kumene David Livingstone anabadwira ku Scotland, za John ndi Frederick Moir a African Lakes ndi nyumba yawo ya Mandala ya 1882. Tom Bokwito, amene anaperekeza Henderson n'kumamumasulira, amangotchulidwa mwa apo ndi apo. Nanga amtengatenga amene ankakwera ndi katundu pamutu kuchokera kumtsinje wa Shire? Onyamula machila? Azimayi otunga madzi opondera dothi? Amenewa m'mabuku amangokhala nambala. Mipata imene mbiri yolembedwa inasiya ndi momwemo muli anthu athu. Wopeka nkhani, akakhala woona mtima, amalowa mumpatamo n'kuika munthu wamoyo pamene panali nambala.

Koma kulowa mumpata sikungodzaza zilizonse. Nkhani yotere imagwa kapena kuima ndi tinthu ting'onoting'ono. Mwana wa mu 1950 sangatumidwe kukagula mchere ndi tambala, chifukwa kwacha ndi tambala zinabwera mu 1971. M'manja mwake mukhale kobiri, tiki kapena sheleni. Sangati "dziko lathu la Malawi" momwe timanenera lero, pakuti panthawiyo linali Nyasaland, dzina limene linayamba mu 1907. Chinenero chimene akuphunzira kusukulu azichitcha Chinyanja, chifukwa dzina loti Chichewa linakhazikitsidwa ndi boma mu 1968. Mwana wa mu 1900 sangamve kulira kwa sitima ku Limbe, poti njanji inafika m'Blantyre mu 1908. Ndipo wojambula zithunzi za m'bukulo ali ndi udindo womwewo: asaveke mayi wa mu 1880 chitenje chamaluwa cha pamsika wa Limbe, pamene anthu ankavala nyanda ndi nsalu za biriwita.

Cholakwika chachikulu kuposa zonsezi sichioneka ndi maso. Ndicho kuika maganizo a lero m'mutu mwa mwana wakale. Mtsikana wa mu 1890 amene akukana ukwati womukakamiza sangalankhule ngati wangotuluka kumene kumsonkhano wa za maufulu a atsikana. Kukana angakane ndithu, atsikana okana analipo, koma akane ndi njira za nthawi yake: athawire kwa amalume ake amene ndi eni mbumba, adandaule kwa anamkungwi, kapena akabisale kumishoni. Mwana wowerenga akaona zimenezi amaphunzira chinthu chimene mayeso safunsa, kuti anthu akale sanali opusa, anali ndi nzeru zawo zogwirizana ndi dziko lawo.

Tsono n'chifukwa chiyani mwini nkhani amakhala mwana? Sikuti n'cholinga chongosangalatsa owerenga. Mwana sadziwa mathero. Ife tikamawerenga za John Chilembwe timayambira kumapeto: tikudziwa kuti kuukira kunayamba usiku wa pa 23 Januwale 1915, kuti iye anaphedwa pa 3 Febuluwale, kuti lero nkhope yake ili pa K2000 ndipo timamukumbukira pa 15 Januwale. Koma taganizani mtsikana wophunzira pasukulu ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu, m'masabata amenewo. Iye akungoona kuti akuluakulu akunong'onezana, kuti misonkhano ya usiku yachuluka, kuti bambo ake abwerera ku Magomero ali chete atagwira thangata pa esiteti ya A. L. Bruce, kuti mchimwene wake anatengedwa kukanyamula katundu wa asilikali pankhondo ya azungu ndipo sanalembe kalata. Chakudza sichiimba ng'oma. Wowerenga amayenda naye mumdima womwewo, ndipo zifukwa za kuukirako, msonkho, thangata, kutentha nyumba zopemphereramo, kutenga anthu kunkhondo ya eni, zimamufika ngati zinthu zogwera banja limodzi, osati mndandanda wa pabolodi.

Nkhani ya Chilembwe yomweyi imatifikitsa pa funso limene makolo ndi aphunzitsi amafunsa kwambiri: kodi zoopsa ana tiwauze? Pakuti usiku umenewo William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya A. L. Bruce ija, anaphedwa ku Magomero n'kudulidwa mutu. Gulu lina linabwera kuno ku Blantyre kudzathyola sitolo ya Mandala pofuna mfuti. Boma litabwezera, anthu ambiri ananyongedwa ndi kuomberedwa, ndipo tchalitchi cha ku Mbombwe chinaphwasulidwa. Mlembi wa ana apange nazo bwanji zimenezi?

Yankho langa ndi lakuti pali kusiyana pakati pa kusaonetsa ndi kunama. Kwa mwana wa Sitandade 4, n'zokwanira kuti mtsikana wa m'nkhani uja amve mfuti ali kubisala m'munda wa chimanga, adziwe kuti anthu afa mbali zonse ziwiri, m'mawa apeze pamene panali tchalitchi pali mulu wa njerwa. Mutu uja sayenera kuuona. Kwa wa Fomu 2 mlembi angathe kunena zonse, ndipo ayenera kunenanso kuti akazi ndi ana a azunguwo sanaphedwe, chifukwa nachonso n'choona. Chimene sichiloledwa pamsinkhu uliwonse n'kusandutsa nkhaniyo chikondwerero chopanda magazi, kapena kujambula mbali imodzi ngati angelo okhaokha. Mwana amene wanamizidwa ali ndi zaka 9 amadzazindikira ali ndi zaka 16, ndipo akazindikira amataya buku ndi mbiri yomwe.

Chovuta kwambiri m'Blantyre muno, m'kuona kwanga, si nkhani ya azungu ayi. Ndi nkhani ya ife tokhatokha. Mu Julaye 1861, pamudzi wa Mbame, kufupi konkuno panjira yotsikira ku Chikwawa, David Livingstone ndi gulu lake anamasula anthu 84 amene ankapita nawo kukagulitsidwa, amuna ali m'magoli, ndipo pakati pawo panali ana. Anthuwa anakakhala ku Magomero ndi Bishopu Mackenzie. Palibe nkhani ya ana yoposa imeneyi: mwana mmodzi mwa 84 aja, chingwe chikudulidwa, akuuzidwa kuti ufa umene wasenza aphike adye yekha. Koma wolemba nkhaniyi akumana ndi funso lakuti anawagwira ndani, anawagulitsa ndani. Ndipo buku lake lidzawerengedwa m'kalasi ya ku Ndirande kapena ku Bangwe, mmene mwana wa Chiyao, wa Chimang'anja, wa Chingoni ndi wa Chilomwe akhalira benchi imodzi. Likalembedwa mosasamala, pobuleki mwana wina adzatchedwa wogulitsa anzake.

Kubisa si mankhwala. Mafumu ena a Chiyao anachitadi malonda a akapolo, Angoni anathiradi nkhondo midzi ya kuno mu 1884 mpaka anthu kuthawira m'mapiri, ndipo mafumu ena a Chimang'anja anagulitsadi anthu awo. Nawonso amishoni oyamba a Blantyre anakwapula anthu mwankhanza mpaka mpingo wa ku Scotland unachotsa atsogoleri ake, Scott n'kubwera mu 1881 kudzayambiranso. Chimene nkhani yopeka ingathe, chimene ndime imodzi ya buku la sukulu singathe, n'kuonetsa anthu m'malo mwa mitundu. Muikemo Myao wogula anthu, muikemonso mayi wa Chiyao amene nayenso akuthawa nkhondo ndi njala kwawo n'kubisa mwana wa eni m'nkhokwe. Muonetse kumene nsalu, mfuti ndi mikanda zinkachokera, ndi misika ya ku Kilwa, Zanzibar ndi Quelimane imene inkameza anthuwo. Mwana akatseka buku adane ndi goli, osati ndi mnzake wa pabenchi.

Nanga mlembi zonsezi azitenga kuti? Malo alipo. M'chipinda chapamwamba cha Mandala House muli laibulale ya Society of Malawi, yokhala ndi mabuku ndi zithunzi zakale. Ku Chichiri kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale, mmene munthu angaone ndi maso zipangizo zimene akufuna kuzilemba. Ku Zomba kuli National Archives. Koma nkhokwe yaikulu ili m'makomo mwathu, ndipo ikutha tsiku ndi tsiku.

Agogo anga aakazi anali kamtsikana pa njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri boma la Blantyre mvula itadula. Ndili mnyamata ndinkawafunsa za njalayo ngati funso la mayeso, iwo n'kungoti, "Inali njala, mdzukulu wanga." Tsiku lina tikusola chimanga pakhonde, ndinataya kachitsononkho kali ndi njere zingapo kunsonga. Anakatola, nachotsa njerezo imodziimodzi ndi chala chachikulu, n'kuyamba okha kulankhula. Anandiuza za mayi awo akupita kuthengo mbandakucha kukakumba mizu, kuiviika ndi kuiphika kawirikawiri kuti ululu uchoke. Za mzere wolandirira chakudya umene ankaima kuyambira m'mawa. Za bambo ena a pamudzi amene anati akukasuma ndipo sanabwererenso. Chimene chinawakhala kwambiri pamtima sichinali m'mimba mopweteka, koma kuti pamudzi panasiya kumveka mtondo. Wofufuza wina, Megan Vaughan, anasonkhanitsa zokumbukira za azimayi a m'boma lino pa njalayi, kuphatikizapo nyimbo zawo zapamtondo, ndipo nkhani ya amuna othawa mabanja imamvekanso mmenemo. Kachinthu ngati ka mtondo wosamveka kaja simungakapeze mu lipoti la bwanamkubwa, koma ndi komwe kangamugwire mwana wa zaka 10 pakhosi.

Amene anali ndi zaka 10 nthawi ya njalayo lero adutsa zaka 80. Amene anathamangira ku Chileka pa 6 Julaye 1958 kukaona Dr Banda akutsika ndege, kapena amene anadzidzimuka pa 3 Malichi 1959 magalimoto a asilikali akutola anthu kupita nawo ku Kanjedza, nawonso ndi okalamba. Pamene kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi oposa theka ndi osakwana zaka 18. Owerenga ndi ochuluka chotero, okumbukira ndi ochepa chotero. Aliyense wofuna kulemba za nthawi imeneyo ayambe ndi kukhala pamphasa, foni ikujambula mawu, asanapite ku laibulale.

Kuti mabuku otere ndi osowa kwathu sizinangochitika. Kuyambira pa kusamvana kwa nduna mu 1964, panali mayina amene munthu sankawatchula poyera: Chipembere, Chiume, Orton Chirwa. Mu 1968 kunakhazikitsidwa bungwe lounika mabuku ndi mafilimu, ndipo mlembi wanzeru ankathawira kwa Kalulu ndi Fisi kapena ku nkhani za chikondi ndi za ufiti. Kwa zaka 30 mbiri inali ndi mwini mmodzi. Lero tikuyenda pa msewu wa Masauko Chipembere, Rose Chibambo ali pa K200, James Sangala ali pa K100, koma mwana amene wagwira ndalamazo sanapatsidwe nkhani yomuuza kuti mayi ameneyu anatsekeredwa mu 1959 ali ndi khanda m'manja. Nthawi ya Kamuzu yeniyeniyo ndiyo idakali yotentha, chifukwa m'banja limodzi muli agogo omulira ndi agogo amene anataya m'bale wawo kundende ya ku Mikuyu. Apanso maso a mwana amathandiza. Mtsikana wa mu 1985 angathe kukondwa ndi mtima wonse povina pa sitediyamu, mawa lake n'kuona mayi ake akubwezedwa pachipata cha msika chifukwa alibe khadi la chipani. Zonse ziwiri zinachitika, ndipo mwana wowerenga angathe kuzinyamula zonse ziwiri.

Chifukwa china n'cha ndalama, ndipo n'chodziwika: osindikiza mabuku amadalira mabuku a sukulu, pepala n'lodula, ndipo kholo likakhala ndi ndalama yochepa limagula la mayeso. Koma nkhani siyenera kudikira chikuto chonyezimira. Wailesi ilipo, masewero a kusukulu alipo, ndipo nkhani yodula m'zigawo imayenda bwino pa WhatsApp. Pa chinenero ndilibe chikayiko: mwana wamng'ono amve nkhaniyi m'chinenero chimene amalotera. Mlembi awazemo mawu akale pang'onopang'ono monga mchere, chilundu, machila, mtengatenga, ndipo poti nkhani ndi ya Blantyre, alole Chiyao ndi Chilomwe zimveke m'kamwa mwa anthu ake, chifukwa ndi mmene mzindawu unkamvekera.

Pali tsamba limodzi limene buku lotere siliyenera kusowa, lakumapeto, pamene mlembi amalankhula ndi mwana maso ndi maso: mnyamata woponda dothi uja ndinamupeka, mayi ake ndinawapeka, koma tchalitchi chilipo, zaka ndi zomwezo, ukapita pa HHI ukachigwira ndi dzanja lako. Tsambali ndilo limasiyanitsa wopeka ndi wabodza. Limamuphunzitsanso mwana kufunsa, pa chilichonse chimene wawerenga, kuti ichi wanena ndani ndipo wachidziwa bwanji.

Titapuma mokwanira tsiku lija tinanyamula katundu wathu kubwerera kokwerera minibasi. Tili m'njira mtsikana uja anandikoka malaya.

"Amalume, nanga Wenela linali dzina la mfumu?"

Ndinamuuza kuti ayi, linali bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi ya ku Joni, ndipo pamalo pamene tinalandirira thumba lathu m'mawa uja, amuna ankasonkhana ndi timabokosi tawo kudikira ulendo. Ndinamuuza kuti mu 1974 ndege yobweza ena mwa iwo kumudzi inagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, ndi kuti agogo a mayi ake anapitako kawiri, ulendo wachiwiri n'kubwera ndi wailesi ndi chifuwa chosatha.

"Popita anasiya ana?"

"Anasiya atatu. Wamkulu anali ngati iweyo."

Anakhala chete mpaka tinakwera. Minibasi itanyamuka anafunsa ngati mwana wamkuluyo anawaperekeza mpaka pa Wenela, kapena anatsala kunyumba kulera anzake.